KUTSIKA PA NJINGA SI KUGONJA

Mau amene mmodzi wa ife adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa nthambi yathu ya Lilongwe



Monga mukudziwa, pa msonkhano wathu wapitawo tidagwirizana kuti ndalama zimene takhala tikusonkha tigulire njinga ana a pasukulu pathu amene amayendera, makamaka awo ochokera kutali monga ku Area 23 ndi ku Chinsapo. Mfundoyo idadutsa popanda wotsutsa. Mkangano udabuka titafika pa funso lakuti tigule njinga zotani. Anyamata amene adatsiriza sukulu posachedwa adati tigule za magiya, chifukwa mwana sayenera kumatsika pa chitunda chilichonse ngati wogulitsa makala. A Msungichuma adati iyayi, tigule zija za makolo athu, za giya imodzi, mwana akafika pa chitunda atsike akankhe monga tinkachitira ife. Pamene mau adayamba kukwera, a Wapampando adaloza ine nati, popeza ndine ndimabwera ku misonkhano pa njinga, ndikafufuze ndidzauze gulu. Lero ndabwera kudzapereka zimene ndapeza.

Ndisanalowe m'nkhaniyo ndiyambe ndaulula kanthu kena kochititsa manyazi, chifukwa ndi pamene maphunziro anga adayambira.

Mukukumbukira kuti chakumapeto kwa chaka cha 2022 mafuta a galimoto adasowa m'dziko muno, ndipo anthu ankagona pa mizere. Ine, munthu wopuma pa ntchito, ndidaona kuti sindingathe kumachezera usiku pa mzere chifukwa cha malita asanu. Ndidaimika kagalimoto kanga pansi pa mtengo wa mango, ndi kutsitsa kudenga njinga imene malemu bambo anga adandisiyira, yakuda, yolemera, ya mabuleki a ndodo. Kuchoka kwathu ku Area 23 kupita m'tauni kudali kokoma, pakuti mbali yaikulu ya ulendowo ndi yotsetsereka kulowera ku mtsinje wa Lilongwe. Ndinkafika ndikuimba mluzu. Vuto lidali pobwerera. Zonse zimene njira idandikongoza m'mawa inkazifuna masana, dzuwa lili paliwombo.

Tsiku lina, nditaoloka kamtsinje ka Mchesi ndi kuyamba kukwera cha ku Kawale, miyendo idandiuza kuti nditsike. Ndidatsala pang'ono kumvera. Koma nditakweza maso ndidaona amai ogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, ndiponso mnyamata wina amene kale adali wamng'ono kwa ine ku ofesi, ataima akuyankhula pa foni. Mumtima ndidati, kodi ine, munthu amene ndinkasaina makalata, andione ndikukankha njinga? Ndidaimirira pa mapedulo, ndi kuponda ndi thupi lonse. Njinga inkayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa wa masese. Mwadzidzidzi tcheni chidaduka, phazi lidapita pansi, bondo lidamenya chitsulo, ine khu! m'ngalande. Ufa umene ndidamanga pa kaliyala udayera mseu wonse.

Amene adandidzutsa sadali mnyamata wa foni uja. Adali bambo wina wa makala, amene ndidamupitirira kumunsi akukankha matumba ake mwakachetechete. Adatsamiritsa njinga yake pa mtengo, nandikhazika pansi, nanditolera nsapato. Kenaka adandiyang'ana nati, "Pepani bambo. Koma pano timatsika. Ine ndadzuka usiku kuchokera kufupi ndi Dzalanyama, ndipo ndikanati ndizilimbana ndi chitunda chilichonse sindikanafika kuno." Bondo lidatupa milungu itatu. Mnyamata wa foni uja, ndidamva pambuyo pake, sadandione n'komwe.

Tsono a Wapampando, pamene mudandituma, ndidakumbukira aphunzitsi athu a sayansi a Fomu 3, amene ankati munthu usatsutsane ndi mnzako pa chinthu chimene ungathe kuchiyeza. Ndidatenga mdzukulu wanga, chingwe choyezera, choko ndi wotchi ya pa foni. Ndidabwerekanso njinga ya magiya, ija imatchedwa yokwera mapiri, kwa mnansi wanga amene adaigula pa kaunjika.

Choyamba tidawerenga mano. Pa njinga ya bambo anga, chigudumu cha mano cha pa mapedulo chili ndi mano 44, ndipo fuliwilo ya kumbuyo ili ndi mano 18. Ndiye kuti mapedulo akazungulira kamodzi, tayala la kumbuyo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Tidalemba choko pa tayala ndi pansi, ndi kupeza kuti tayalalo likazungulira kamodzi limayenda mamita 2 ndi masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Choncho kupalasa kumodzi kumakupititsa mamita 5 ndi theka. Pa njinga yobwereka ija, titaika giya yopepuka kuposa zonse, kutsogolo kudali mano 24, kumbuyo 32, ndipo kupalasa kumodzi kunkayenda mita imodzi ndi theka basi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chitunda sichisintha msinkhu chifukwa cha njinga imene wakwera. Ngati iwe ndi njinga yako mukulemera makilogalamu 90 ndipo muyenera kukwera mamita 30, ntchito yokweza katunduyo ndi yomweyo, kaya ukupalasa, kaya ukukankha. Giya sichotsa ntchito. Imangoidula tizidutswa. Zili ngati kusamutsa thumba la chimanga: wina amalisenza lonse kamodzi, wina amatapa ndi ndowa maulendo angapo. Pa njinga ya bambo anga, kuponda kulikonse kumalemera katatu ndi theka kuposa pa giya yopepuka ija, chifukwa kukuyendetsa mtunda wotalika katatu ndi theka.

Lolani ndiike manambala pang'ono, mongoyerekeza, osawerengera mphepo ndi maenje. Titenge chitunda chimene chimakwera mamita 6 pa mamita 100 aliwonse. Pa chitunda chotere, munthu ndi njinga olemera makilogalamu 90 amakokedwera m'mbuyo ngati wina wawamangirira mwala wa makilogalamu 5 ndi theka. Zikuoneka zochepa. Koma phazi, pozungulira kamodzi, limayenda mtunda wongopitirira mita imodzi, pamene njinga ikuyenda mamita 5 ndi theka. Ndiye kuti phazi liyenera kuponda ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 27 mosalekeza. Ndipo popeza mwendo umakhala ndi mphamvu pokhapokha pedulo ikutsika, pakatikati pa kupondako pamafunika mphamvu yoposa apo kwambiri. Pa giya yopepuka, makilogalamu 27 aja amatsika kufika pa 8. Ngakhale ine nkhalamba ndingathe.

Tsopano muikepo matumba a makala olemera makilogalamu 100. Pa njinga ya giya imodzi phazi lifunika kuponda makilogalamu oposa 55 mosalekeza, ndipo pakatikati pa kupondako mphamvu yofunika imaposa kulemera kwa munthu mwini wakeyo. Ngakhale aimirire pa pedulo, pedulo siitsika. Choncho bambo wa makala uja potsika sadali waulesi kapena wofooka. Masamu amene ine ndidawaphunzira pa bolodi ndi kuwaiwala, iye adawadziwa ndi miyendo.

Chachiwiri tidayeza nthawi. Tidasankha chitunda chomwe chija chidandigwetsa, ndi kuyeza mamita 600. Pokankha njinga ya bambo anga ndidatenga mphindi 8. Pa giya yopepuka kuposa zonse, ndikupalasa kamodzi pa sekondi iliyonse, ndidatenga mphindi 6 ndi theka. Nditaika giya yachitatu ndidatenga mphindi 5, koma ndidafika pamwamba ndikupuma ngati ng'ombe ya pa ngolo. Mdzukulu wanga, pa njinga yomweyo, adatenga mphindi zosakwana 4, natembenuka kudzandichingamira. Mukuona kuti pakati pa kukankha ndi kupalasa pa giya yotsikitsitsa pali mphindi imodzi ndi theka chabe. Pa giya imeneyo liwiro lako ndi makilomita 5 ndi theka pa ola, lofanana ndi la munthu woyenda mofulumira. Amai wina amene adasenza dengu adayenda nane limodzi kachigawo ndithu, akundiyang'ana modabwa kuti miyendo ikuzungulira chonchi koma munthu osapita.

Kodi tsono magiya ndi achabe? Iyayi. Phindu lake silili pa nthawi kwenikweni, lili pa thupi. Pokankha, umayenda chopendekera mbali imodzi, msana utapindika, pedulo ikukumenya m'katumba. Popalasa pa giya yopepuka umakhala pa chishalo, thupi lako lasenzedwa ndi njinga, maondo akuzungulira mosalemedwa. Ukafika pamwamba sutaya nthawi ndi kukweranso. Ndipo zitunda zazing'ono, zimene pa giya imodzi zimakutha mphamvu pang'onopang'ono, umazidutsa osazimva.

Nkhaniyi akatswiri adaifufuzapo. M'chaka cha 2003 akatswiri atatu a ku Italy, mmodzi mwa iwo Alberto Minetti, adayerekeza mphamvu imene thupi limaononga poyenda pansi, pothamanga ndi popalasa njinga pa zitunda zosiyanasiyana. Adapeza kuti pa malo athyathyathya ndi pa zitunda zofatsa njinga ndiyo imasunga mphamvu, koma chitunda chikafika pokwera mamita apakati pa 10 ndi 15 pa mamita 100 aliwonse, kuyenda pansi kumayamba kupambana. Chifukwa chake n'chosavuta. Pa malo osalala njinga imakuthandiza chifukwa imagudubuzika yokha. Pa chitunda choimirira mphamvu yonse imathera pa kukweza thupi, ndipo njinga imasanduka katundu wongoonjezera.

Palinso malire ena amene sali m'miyendo. Njinga imaima bwino pamene ikuyenda. Liwiro likatsika kufika pa la munthu woyenda mwachifatse, mahandulo amayamba kugwedezeka ndipo umakhota uku ndi uku kuti usagwe. Pa njira ya kumunda zimenezi zilibe kanthu. Koma pa mseu wa phula wopanda malo a m'mbali, minibasi ikukupitirira pafupi ndi chigongono, njinga zamoto za kabaza zikulowa paliponse pamene pali mpata, kukhota kumodzi kungathe kukhala komaliza. Pamenepo wanzeru amatsika, ngakhale magiya alipo, ndi kukankhira kunja kwa phula.

Kwa awo amene amaona ngati kutsika ndi chinthu cha anthu osauka, ndikuuzeni za mpikisano wa njinga wotchuka pa dziko lonse, wa Tour de France, umene udayamba mu 1903. M'chaka cha 1910 adaudutsitsa koyamba m'mapiri aatali a Pyrenees. Octave Lapize, pokwera phiri la Tourmalet limene mseu wake umafika mamita 2,115, adatsika ndi kukankha njinga m'malo ena, ndipo ndi iye yemweyo amene adapambana mpikisano wonse chaka chimenecho. Mkulu amene adayambitsa mpikisanowo, Henri Desgrange, ankadana ndi magiya osinthasintha, poganiza kuti amafewetsa amuna, ndipo opikisana onse adaloledwa kuwagwiritsa ntchito mu 1937. Choncho mkangano wa a Msungichuma ndi anyamata athu si wachilendo. Azungu adaukangana zaka zoposa makumi awiri.

Tsopano tibwere kwathu. Mzinda wa Lilongwe uli pa chigwa chokwera, pafupifupi mamita 1,050 kuchokera pa nyanja ya mchere. Tilibe zitunda zonga za mseu wa Ku Chawe ku Zomba, kapena Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena makona a Gorodi pokwera ku Livingstonia. Zitunda zathu zidapangidwa ndi mitsinje: Lilongwe, Lingadzi ndi timitsinje tothira m'menemo. Umatsika kukaoloka, ndi kukweranso tsidya linalo. Wa ku Biwi ndi wa ku Kawale amazidziwa pochokera m'tauni. Wa ku Chinsapo amakumana nazo pa mseu wa ku Likuni. Wa ku Area 25 ndi wa ku Mgona amakwera pang'onopang'ono ulendo wautali wolowera ku Kanengo. Zambiri mwa izi ndi zazitali koma zofatsa, zosafika pa malire aja a akatswiri a ku Italy. Kunena zoona, munthu wa magiya wopanda katundu angathe kupalasa pafupifupi pa phula lonse la mzinda uno osatsika. Pa mfundo imeneyi anyamata athu akunena zoona.

Koma ndidapitanso kukacheza ndi amakaniko a njinga, awo okhala pansi pa mitengo m'misika yathu, ndiponso ndidayenda m'masitolo a zipangizo cha ku Malangalanga. Safunsa adadya phula. Zimene adandiuza ndi izi. Njinga ya giya imodzi ili ndi tcheni chokhuthala, ndipo chilichonse chikaonongeka chimapezeka pafupi, makaniko aliyense amachidziwa. Njinga ya magiya ili ndi kachitsulo kolendewera kumbuyo kamene kamasuntha tcheni. Njinga ikangogwera mbali imeneyo kachitsuloko kamapindika, ndipo tsiku lina kamalowa m'masipoko. Tcheni chake ndi chopyapyala, fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimachidya msanga. Zambiri mwa njinga zimenezi zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito, iliyonse ndi mtundu wake, kotero kuti chipangizo cha iyi sichilowa pa iyo. Makaniko wina adandionetsa njinga zinai za magiya zimene eni ake adamuuza kuti angodula tcheni ndi kuchimangirira pa giya imodzi. Walira mvula walira matope.

Taganizani tsono za mwana wa Fomu 1. Njinga adzaiimika pa mulu pamodzi ndi za anzake. Loweruka mlongo wake adzapita nayo ku chigayo, bambo ake adzanyamulirapo thumba la feteleza. Ikaonongeka, kholo limene lalephera kulipira minibasi silidzapeza ndalama ya kachitsulo kosowa. Njinga idzakwera kudenga, mwana adzabwerera pa msewu wapansi, ndipo ndalama zathu zidzakhala zitapita. Si mwangozi kuti a kabaza amene amanyamula anthu tsiku lonse amakonda njinga za giya imodzi. Si mwangozinso kuti bungwe la World Bicycle Relief, limene lidayamba mu 2005 ndipo njinga zake za Buffalo timaziona m'dziko muno, lidasankha njinga yolimba ya giya imodzi, ya kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Pamene lidafuna kuthandiza anthu a kumapiri, mu 2024 lidatulutsa ya magiya awiri okha, yopanda kachitsulo kolendewera kaja. Pa mfundo imeneyi a Msungichuma akunena zoona.

Kodi tsono titani, popeza mbali zonse zili ndi choona? Makaniko wina wachikulire wa ku Kawale ndiye adandipatsa yankho, ndipo ndidaliyesa pa njinga ya bambo anga. Adachotsa fuliwilo ya mano 18 ndi kuikapo ya mano 22, naonjezera timfundo tiwiri pa tcheni. Ntchito yake siidakwane ola. Tsopano kupalasa kumodzi kumayenda mamita 4 ndi theka m'malo mwa 5 ndi theka, ndipo kuponda kulikonse kwapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa malo osalala sindithamanga monga kale, koma kuthamanga sikufika. Zitunda zitatu mwa zisanu zimene ndinkatsika pobwerera kwathu tsopano ndimazikwera ndili chikhalire. Ziwiri zotsalazo ndimatsika, ndipo ndimapereka moni kwa amai a tomato aja ndikudutsa.

Choncho a Wapampando, maganizo anga ndi awa, ndipo gulu liwaunike pakuti mutu umodzi susenza denga.

Poyamba, anawa tiwagulire njinga zolimba za giya imodzi, zonse za mtundu umodzi, ndipo tisanazipereke tiikemo fuliwilo ya mano 22. Kwa atsikana tipeze zopanda mtanda wa pamwamba, kuti azitha kutsika msanga atavala yunifolomu.

Kachiwiri, tisathere ndalama zonse pa kugula. Tipatule gawo lina la matayala, machubu ndi mabuleki. Chitunda chimene mwana wakwera movutika masana ndi chomwecho chimene adzatsetsereke m'mawa akuopa belu, ndipo pamenepo chofunika ndi buleki, osati giya.

Kachitatu, pa tsiku lopereka njingazo, mmodzi wa ife aime ndi kuwauza anawo kuti kutsika pa chitunda si manyazi. Akayamba kuimirira pa mapedulo ndi kukhotakhota pakati pa galimoto, atsike. Adzataya mphindi ziwiri. Ngati palibe wina wodzipereka, ndidzanena ndine, ndipo ndidzawaonetsa chipsera.

Kachinai, ili ndi la ife a imvi. Ambiri mwa ife madokotala adatiuza kale za kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, ndipo adatilangiza kuti tizilimbitsa thupi. Ngati mukufuna kuyamba kupalasa ndipo muli ndi ndalama yosamalira njinga, gulani ya magiya, chifukwa maondo a zaka 60 sakondwa ndi kuponda kolemera. Sinthani giya musanafike pakati pa chitunda, pamene miyendo ikadali kuzungulira bwino. Ngati simungathe kuyankhula chiganizo chathunthu chifukwa cha befu, tsikani. Mukamva kupweteka pa chifuwa kapena chizungulire, musapitirire, khalani pansi ndipo mukaonane ndi dokotala.

Ndisanakhale pansi, ndikumbutse kuti mwana woyenda wapansi kuchokera ku Area 23 amadzuka kusanache, amafika m'kalasi atatopa kale, ndipo nthawi ya dzinja amabwerera kwao kukuda. Ife tikamakangana za mano a fuliwilo, iye akuyendabe. Ndikupempha kuti tisatuluke m'chipinda chino tisanamange mfundo, kuti teremu ikubwerayi ikamayamba njinga zikhale zili m'manja mwao. Amene simudamalize zopereka zanu, a Msungichuma akhala pa tebulo la pakhomo mpaka titabalalika, ndipo buku la malisiti abwera nalo.

Bambo wa makala uja sindidamuonenso, ndipo sindidamufunse dzina. Ndikamakumana ndi anzake akukankha matumba pa zitunda za mzinda uno, ndimawapatukira ndi kuwapatsa moni.